Sikani, X-ray, CT kapena MRI: Zoyeza Musanalowe m'Chipinda Chojambulira

Kapepala kokutumizani kukajambulitsa kamagawa anthu pawiri. Alipo amene amaopa. Anamva kuti X-ray imafupikitsa moyo, imapha mbewu ya abambo, imasiya poizoni m'magazi, ndiye kapepalako amakapinda n'kukasunga m'thumba la jekete mpaka mkono utapola mokhota. Alipo enanso amene dzanja la dokotala siliwakwanira. Kwa iwo munthu amene sanalowe m'makina sanapimidwe, ndipo angagulitse matumba a nshawa ndi soya kuti akapange CT ya mutu umene ukungofuna tulo ndi madzi akumwa.

Musanafunse kuti makina abwino koposa ndi ati, funsani ili: chithunzichi chikatuluka, chisintha chiyani pa chithandizo changa? Afunseni adokotala mwaulemu, wodziwa ntchito sakwiya nalo funso limeneli. Ngati palibe chimene chisinthe, kujambulako n'kongodya ndalama. Koma ngati chithunzicho ndicho chinene zoti mupite ku fiyeta kapena ayi, mantha a cheza asakubwezeni pakhomo.

Miyeso inayi, ndi manambala oti muwadziwe

Njira iliyonse ndiiyeza pa zinthu zinayi. Mtengo, ndipo apa ndikuwerengera basi, kogona ndi chakudya cha wodwazika, chifukwa kawirikawiri izi n'zimene zimamaliza ndalama kuposa risiti ya pa kauntala. Kupezeka kwake kwa munthu wochokera ku Chadiza, Lundazi, Katete kapena Mambwe. Kasamalidwe ka makinawo, nkhani imene odwala amaiona ngati si yawo, chonsecho makina osasamalidwa amatulutsa chithunzi chosaoneka, ndipo chithunzi chosaoneka chimabwerezedwa pa thupi lanu lomwelo. Chomaliza ndi chiopsezo.

X-ray, CT (X-ray yojambula thupi m'magawomagawo) ndi C-arm (X-ray yoyenda pa mawilo ya ku fiyeta) zimagwiritsa ntchito cheza chimodzimodzi, chija anatulukira Wilhelm Röntgen mu 1895. Chikamadutsa m'thupi chimatha kuvulaza DNA ya m'maselo. Thupi limakonza lokha pafupifupi zonse, koma kachilema kotsalira kangadzasanduke khansa patapita zaka zambiri. Sikani, ija amati ultrasound, imayendera mafunde a phokoso losamveka ndi khutu, MRI imayendera maginito. Ziwirizi zilibe cheza chotere ngakhale pang'ono.

Mlingo wa cheza amauyeza mu millisievert, polemba mSv. Munthu amene sanapondepo pachipatala amalandirabe pafupifupi 2.4 mSv pa chaka kuchokera m'dothi, m'miyala, mumpweya, m'zakudya ndi kumwamba. Potengera pamenepo, X-ray ya dzanja kapena phazi, ya 0.001 mSv, ikufanana ndi maola ochepa a moyo wamba. Ya pachifuwa kawirikawiri siposa 0.1 mSv, masabata awiri basi. Ya msana wam'munsi imafika cha pa 1.5 mSv. CT ya mutu ili cha pa 2 mSv, pomwe ya pamimba imafika 8 mpaka 10 mSv, cheza cha zaka zitatu kapena zinayi cholandiridwa m'masekondi ochepa. Manambalawa amasinthako malinga ndi makina ndi kukula kwa munthu, koma kutalikirana kwake ndi komweko: CT imodzi ya pamimba ndi ma X-ray a pachifuwa pafupifupi 100.

Wodwala ndi wogwira ntchito sawerengeredwa mofanana. Wodwala amalandira cheza chambiri kamodzi, n'kupindula nacho, n'chifukwa chake alibe malire olembedwa; chofunika n'chakuti pakhale chifukwa chomveka komanso mlingo ukhale wochepa momwe zingathekere. Wojambula, nesi wa ku fiyeta ndi dokotala wa mafupa amalandira pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku mpaka kupuma pa ntchito, osapindulapo kanthu m'thupi mwawo. Bungwe la akatswiri a padziko lonse la ICRP linawaikira malire a 20 mSv pa chaka powerengera zaka zisanu pamodzi, osadutsa 50 mSv m'chaka chimodzi. Munthu wamba, monga wokhala pa benchi kunja kwa chitseko, malire ake ndi 1 mSv pa chaka. Muno mu Zambia lamulo la Ionising Radiation Protection Act la 2005 linakhazikitsa Radiation Protection Authority, RPA, imene imapereka laisensi ku malo okhala ndi makina otulutsa cheza ndi kumawayendera. Wojambulayo naye amayenera kulembetsa ku Health Professions Council of Zambia, ndipo ambiri a iwo anaphunzira ku Evelyn Hone College ku Lusaka.

Sikani

Mtengo: Pa zonse tikuyerekezazi, sikani ili m'gulu la zosaboola thumba. Ngakhale ku makliniki a pulaiveti a m'tauni mtengo wake uli kutali kwambiri ndi wa CT. Ilibe filimu, ilibe jekeseni, ndi mafuta oterera aja opaka pamimba basi.

Kupezeka: Zipatala zikuluzikulu za m'chigawo chino, monga Chipata Central ndi St Francis ya ku Katete, zili nayo, ndipo zipatala za m'maboma n'kumene anthu ambiri amaipeza. Chimene chimasowa kawirikawiri ndi munthu woidziwa bwino. Bungwe la WHO kuyambira 2016 limalangiza kuti mayi aliyense woyembekezera apange sikani imodzi mimba isanafike masabata 24, kuti adziwe msinkhu wa mimbayo komanso ngati muli mapasa.

Kasamalidwe: Mtima wa makinawa ndi kachida kaja amayendetsa pamimba. Kakagwa pa simenti kamasweka m'kati, pa chithunzi n'kumaoneka mzere wakuda umene ungabise chotupa. Kayenera kutsukidwa akachoka wodwala wina aliyense. Makina ang'onoang'ono a batire amagwirabe ntchito malaiti atapita, phindu limene tinaliona bwino mu 2024 madzi atachepa ku Kariba.

Chiopsezo: Cheza palibe, n'chifukwa chake ndiyo yoyamba kwa amayi apakati ndi ana. Imaona bwino chiberekero, chiwindi, ndulu, impso, chikhodzodzo chowonongeka ndi likodzo, ndi magazi otayikira m'mimba pambuyo pa ngozi. Siidutsa fupa kapena mpweya, choncho ubongo wa munthu wamkulu ndi m'kati mwa mapapo si malo ake. Vuto lake lenileni ndi lakuti yankho limatsamira pa maso a wogwira kachida kaja. Anthu awiri pa makina amodzi angakuuzeni zosiyana, ndipo mawu akuti "zonse zili bwino" ochokera kwa wosaphunzira mokwanira angakugonetseni tulo matenda akukula.

Pano ndipatukeko pang'ono. Kuli timakina tina timene ogulitsa mankhwala a zitsamba a m'mabotolo amayenda nato: mumagwira kachitsulo m'manja, kompyuta n'kulemba kuti chiwindi chanu chatopa, impso zadetsedwa, mafupa achepa mphamvu. Nawonso amati sikani. Palibe chimene timaona m'thupi, ndipo matenda amene timapeza amafanana modabwitsa ndi mabotolo ali pa tebulo pomwepo.

X-ray

Mtengo: Wotsika, pafupi ndi wa sikani. Okhala ndi khadi la NHIMA, bungwe la inshuwalansi ya zaumoyo, afunse kaye ngati malowo ndi ovomerezeka ndi bungweli. Chimene chimakweza mtengo ndi kubwereza: munthu ajambulidwa ku Lundazi, filimu aisiya kunyumba, afika ku Chipata ajambulidwanso.

Kupezeka: Pa zonse zotulutsa cheza, iyi ndiyo ili pafupi ndi anthu. Pa fupa lothyoka, chibayo, madzi kapena mpweya m'chifuwa, ndi matumbo otsekeka, imayankha msanga. Pa TB imathandiza kusankha oyenera kuyezedwa, koma chotsimikizira ndi makhololo oyezedwa pa makina a GeneXpert. Chithunzi chokha sichinena kuti ndi TB yatsopano kapena chipsera chakale, makamaka kwa azibambo amene anagwirapo ntchito ku migodi ya ku Copperbelt.

Kasamalidwe: Makina akale a filimu amafuna chipinda chamdima ndi mankhwala otsukira osatha mphamvu. Mankhwalawo akafooka, chithunzi chimatuwa, wodwala n'kubwezedwa pa tebulo. Makina a kompyuta anachepetsa vutoli koma anabwera ndi lawo: chithunzi chimaoneka bwino ngakhale cheza chitapyola muyeso, ndiye wojambula wosasamala angamawonjezere mlingo osadziwa. Chipinda chake chimafuna makoma ochindikala, chitseko cha mtovu chotsekeka bwino ndi getsi lochenjeza pamwamba pake. Mukaona akujambula chitseko chili pululu anthu ali pa benchi, kapena malowo akulephera kuonetsa laisensi ya RPA, pitani kwina.

Mbali yanu ya kasamalidwe ndi filimu kapena CD imene akupatsani. Isapindidwe, isanyowe, isakhale padzuwa. Chithunzi chojambula ndi foni pa sikirini n'kutumiza pa WhatsApp chimathandiza pa changu, koma mng'alu waung'ono wa fupa umasowa mmenemo.

Chiopsezo: Kwa munthu wamkulu, X-ray imodzi ya pachifuwa kapena ya mwendo ndi nkhani yaing'ono zedi. Siichititsa kusabereka, mlingo wofika pamenepo uli kutali kwambiri ndi wa kujambula wamba. Makina akazima palibe chotsalira m'thupi, simungapatsire mwana woyamwa, ndipo palibe chifukwa chomwera mkaka kapena mankhwala otsuka m'magazi.

Pofunika maso ndi pa ana ndi pa owagwirira. Mwana wa zaka ziwiri sagona phee chifukwa choti mwamuuza. Wojambula amasuzumira pakhomo n'kufunsa, "Wabwera ndi ndani mwanayu?" Amayi amaimirira, chitenje chili m'manja. Funso lotsatira liyenera kukhala lakuti, "Amayi, kumwezi munapita liti komaliza? Mwina muli ndi pakati?" Ngati pali chikayiko, agwire ndi abambo ake, azakhali kapena agogo, atavala epuloni ya mtovu, manja ali kunja kwa bwalo lowala limene makina amaonetsa pa thupi la mwanayo. Asamakhale nesi kapena wokankha machira yemweyo tsiku lililonse. Wachibale agwira kamodzi pa moyo wake, wantchito angagwire kangapo pa sabata.

Musadabwe ngati wodwalayo sanamufunde mtovu pa chinena monga ankachitira kale. Kuyambira 2019 akatswiri a ku America, kenako a ku Britain, analangiza kusiya chizolowezichi, poona kuti chofundacho nthawi zambiri chimabisa pofunika kuona n'kuchititsa kujambula kawiri. Chimene chimateteza wodwala ndi kuchepetsa bwalo la cheza kuti ligwere pokhapo pakufunika.

CT

Mtengo: Apa ndalama zimalumpha. CT imadula kangapo kuposa X-ray, ndipo ikafuna mankhwala obaya owalitsa chithunzi, aja amati contrast, pamawonjezeka mtengo wake ndi wa kuyeza magazi a impso. A NHIMA afunsiretu ngati pakufunika chilolezo asananyamuke, chifukwa kukadziwira pa kauntala kumawononga tsiku lathunthu.

Kupezeka: Ndi ya zipatala zikuluzikulu ndi malo ochepa a pulaiveti. Imbani foni kaye mufunse zinthu ziwiri: ngati makina akugwira ntchito sabata imeneyo, ndi amene adzawerenge zithunzizo. Madokotala owerenga zithunzi ndi ochepa m'dziko muno ndipo ambiri ali ku Lusaka, choncho kujambula kungatenge mphindi khumi, lipoti n'kutenga masiku.

Kasamalidwe: CT ndi yosapirira. Imafuna malaiti osagwedera, chipinda chozizira usana ndi usiku, ndi pangano ndi kampani yoikonza. Chubu chake chotulutsa cheza chimatha ndi ntchito, ndipo chatsopano chimachokera kunja pa mtengo woti chipatala chingadikire miyezi. N'chifukwa chake mawu akuti "tili nayo" ndi akuti "ikugwira" muziwafunsa padera.

Chiopsezo: Kuyambira pamene Godfrey Hounsfield ndi anzake anajambula wodwala woyamba ku London mu 1971, CT yapulumutsa anthu osawerengeka. Kwa wogwa pa njinga yamoto amene wakomoka, ndiyo imaonetsa magazi akuunjikana m'mutu nthawi ikadalipo. Kwa wogwidwa sitiroko imasiyanitsa mtsempha wophulika ndi wotsekeka, ndipo mankhwala a ziwirizi ndi otsutsana. Pamenepo palibe zokambirana za cheza.

Koma walira mvula walira matope. Akatswiri amayerekeza kuti 10 mSv ingawonjezere mpata wodzafa ndi khansa ndi munthu mmodzi pa 2,000 alionse. Kwa gogo wa zaka 70 nambalayi ndi yopepuka, popeza khansa yotere imatenga zaka zambiri kuti ioneke. Kwa mwana ndi yolemerapo, chifukwa maselo ake akugawikana msanga ndipo zaka zili patsogolo pake. Kafukufuku wamkulu wa ku Britain wa 2012 anayerekeza kuti pa ma CT a mutu 10,000 a ana osafika zaka 10, pangawonjezeke khansa ya m'magazi imodzi ndi chotupa cha muubongo chimodzi m'zaka 10 zotsatira. N'zochepa, koma n'zokwanira kuti kholo lifunse, "Adokotala, makinawa awachepetsera mlingo wa mwana?" CT imapezanso tinthu tosafunidwa, kachotupa ka madzi pa impso kapena kadontho pa mapapo kamene sikakanavutitsa munthu mpaka kukalamba, koma kakaoneka kamabala nkhawa ndi ma CT ena.

Jekeseni ya contrast imatenthetsa thupi, mkamwa mumamveka chitsulo, ena amamva ngati adzikodzera. Zimenezo zimatha m'mphindi zochepa. Chofunika kunena musanabayidwe ndi matenda a impso, mphumu, shuga ngati mukumwa metformin, komanso ngati munatupapo kapena kubanika ndi jekeseni yotereyi.

MRI

Mtengo: Wokwera kuposa zonse, ndipo kwa ife a kum'mawa kawirikawiri pamawonjezeka ulendo. Lusaka ili pa makilomita oposa 550 pa Great East Road, tsiku lonse m'basi, anthu awiri, kupita ndi kubwera.

Kupezeka: Ganizirani za Lusaka, ndipo tsiku lanu mulitenge pa foni musanagule tikiti.

Kasamalidwe: Maginito ake amaziziritsidwa ndi helium wamadzi wozizira cha pa madigiri 269 pansi pa ziro. Zoziziritsira zikaima nthawi yaitali helium amauluka, ndipo kubwezeretsa ndi ndalama zambiri.

Chiopsezo: Cheza palibe, ndipo pa ubongo, mtsempha wa mumsana, mawondo ndi zotupa za m'minofu imaona zimene CT imaphonya. Ngozi yake ndi chitsulo. Maginito aja sazima, ngakhale usiku, ngakhale malaiti atapita. Botolo la okosijeni, njinga ya odwala, sizasi ya m'thumba la anesi, zonse zimakokedwa mwamphamvu yoti n'kupha munthu. Vulani ndolo, zibangili, mapini a m'tsitsi ndi wigi ya tizitsulo. Nenani ngati muli ndi kabatire ka mtima, chitsulo cha opaleshoni, kapena ngati ndinu wowotcherera zitsulo amene kachidutswa kanalowapo m'diso. Mumagona mumphako yopapatiza ya phokoso kwa mphindi 20 mpaka 45 osagwedezeka, choncho ana aang'ono amafunika kugonekedwa ndi mankhwala, chimene chili ndi chiopsezo chakechake. Jekeseni yake ya gadolinium amaipewa kwa apakati ndi a impso zofooka kwambiri.

C-arm ya ku fiyeta

Iyi wodwala sasankha, amaipeza ali kale pa tebulo. Ndi X-ray yoyenda pa mawilo imene imaonetsa fupa pa sikirini pomwe dokotala akulowetsa chitsulo m'ntchafu yothyoka kapena kumanga masikuluwu m'chiuno. Ndi mmene njinga zamoto zachulukira m'misewu ya Chipata, ntchito yake siichepa. Gawo ili ndikulankhula makamaka ndi ovala zobiriwira.

Mtengo: Kwa wodwala umalowa mu wa opaleshoni. Kwa chipatala, mtengo weniweni ndi makina pamodzi ndi maepuloni okwanira aliyense wa m'chipindamo, zotchinga pakhosi ndi mabaji owerenga cheza chimene wantchito walandira. Ogula ena amaiwala zotsatirazi.

Kupezeka: Kumene kuli dokotala wa mafupa. Popanda C-arm amang'amba kwambiri kuti aone fupa ndi maso, apo ayi wodwala amagona masabata ambiri mwendo uli pa zolemera. Poyerekeza ndi zimenezo, cheza cha mphindi imodzi kapena ziwiri n'chopepuka.

Kasamalidwe: Epuloni imakhala ndi mtovu wochindikala 0.25 mpaka 0.5 mm, ndipo yabwinobwino imatchinga 90 pa 100 kapena kuposa ya cheza chomwazika. Mdani wake ndi kupinda. Ndinaonapo ina itapindidwa kanayi pa mpando, munthu atakhalira akumwa tiyi. Kunja inali yosalala, koma itaikidwa pansi pa X-ray panaoneka ming'alu m'mizere yonse yopindira, wina wodutsa pamimba penipeni. Epuloni ikoloweke pa chokolowekera chake cholimba, ndipo chaka chilichonse iunikidwe. Yong'ambika m'kati ndi yoipa koposa, chifukwa woivala amayandikira molimba mtima.

Chiopsezo: Wodwala wa fupa amalandira pang'ono. Kupsa khungu kumachitika pa ntchito zazitali kwambiri za mtima ndi mitsempha. Ogwira ntchito ndiwo ofunika kuwerenga bwino, ndipo choyamba kudziwa n'chakuti cheza chimene chimakufikani chimamwazika kuchokera m'thupi la wodwalayo. Pamenepo mtunda ndiye chitetezo chaulere. Zili ngati kuwotha moto, kungoti moto uwu sumveka kutentha: mukawirikiza mtunda kawiri, cheza chimatsika kanayi. Woima pa mamita awiri akulandira gawo limodzi mwa anayi la woima pa mita imodzi. Ngati manja anu sakufunika panthawiyo, bwererani masitepe awiri.

Chubu chikhale pansi pa tebulo, kuti chomwazika chambiri chipite ku miyendo m'malo mwa kumaso. Mbali yolandira chithunzi iyandikire wodwala momwe zingathekere. Makina akatembenuzidwa chammbali, imani ku mbali yolandira chithunzi, chifukwa ku mbali ya chubu n'kumene kumamwazika kwambiri. Phazi lichoke pa chopondera maso akachoka pa sikirini. Chithunzi chomaliza chimatsalirapo, mungakambirane muli kuchiyang'ana. Dzanja lisalowe m'njira ya cheza, ngakhale lili m'golovesi ya mtovu, popeza makina akaona chotchinga amadziwonjezera mphamvu okha. Ndipo woponda afuule asanaponde. Amene amaiwalika ndi wogonetsa odwala amene wakhala kumutu, nesi wothamanga amene watembenuka msana pomwe epuloni yake ndi ya kutsogolo kokha, ndi wophunzira amene akuopa kufunsa a sisita ngati yatsalako ina.

Mu Okutobala, epuloni ya makilo angapo pamwamba pa zovala za fiyeta ndi chilango, ndipo mayesero oivula ndi enieni. Yogawika pawiri, malaya ndi siketi, imapepuza msana. Chotchinga pakhosi n'chopepuka ndipo chimateteza chithokomiro, palibe chifukwa chochisiyira pa msomali. Maso nawo ayamba kuwerengedwa mozama: mu 2011 ICRP inatsitsa malire a diso kuchoka pa 150 kufika pa 20 mSv pa chaka, zitadziwika kuti ng'ala imayamba pa mlingo wotsika kuposa mmene ankaganizira. Woponda C-arm tsiku ndi tsiku afunefune magalasi a mtovu.

Baji siteteza, imangowerenga. Ikakhala imodzi ivalidwe pachifuwa m'kati mwa epuloni, yachiwiri ikapezeka ikhale pakolala kunja. Isabwerekanidwe, isasiyidwe m'chipinda cha makina kapena m'galimoto yotentha, ndipo ipite kukawerengedwa pa nthawi yake. Mufunsenso zotsatira zake. Baji yovalidwa chaka chonse osaona pepala lake ndi chokongoletsera yunifolomu.

Njira iti kwa ndani

Mayi woyembekezera, kapena aliyense wa ululu wa m'mimba yam'munsi, chikasu kapena vuto la mkodzo: yambani ndi sikani, kwa munthu wophunzira ntchitoyo. Koma wapakati akathyoka mwendo kapena akaganiziridwa TB, X-ray ijambulidwe. Cheza chofika kwa mwana pa chithunzi cha chifuwa kapena mwendo n'chochepa zedi. Amene wadziwa mochedwa kuti anajambulidwa ali ndi pakati asathamangire maganizo ochotsa mimba. ICRP imati mlingo wosafika 100 mGy (muyeso umene pa X-ray umafanana ndi mSv) kwa mwanayo si chifukwa chochotsera, ndipo kujambula wamba kumathera kutali ndi pamenepo.

Wagwa, patupa, sakuponda: X-ray ya malo okhawo. Chifuwa cha masabata awiri, kuonda ndi thukuta la usiku: makhololo ndi X-ray ya pachifuwa.

Wamenya mutu n'kukomoka, akusanza mobwereza, wagwa khunyu, akusokonezeka kapena akutuluka madzi m'khutu: CT mwachangu, mwana kapena wamkulu. X-ray ya chigaza isakunyengeni, siona magazi a muubongo. Mwana amene wagwa pa mpando, walira, kenako akusewera ndi kudya, nthawi zambiri amangofunika kuonedwa ndi adokotala ndi kuyang'aniridwa usiku umenewo. Nkhope yapotoka mwadzidzidzi, dzanja lafooka, mawu sakumveka: thamangirani kuchipatala chachikulu ola lomwelo, CT ndiyo yoyamba.

Msana wowawa pambuyo polima kapena kunyamula matumba, wosakwana masabata 6: kawirikawiri palibe chojambula, mankhwala ndi kuyendayenda zimakwana. Zimasintha ngati miyendo ikufooka, mkodzo kapena chimbudzi zikutuluka zokha, thupi likutentha, mukuonda, kapena munadwalapo khansa kapena TB. Pamenepo ulendo wa MRI ndi woyenera ndalama zake.

Chotupa cha m'bere: kwa wosafika zaka 30 amayamba ndi sikani, kwa wamkulu mammogram, X-ray ya mabere ya cheza cha pafupifupi 0.4 mSv, nthawi zambiri pamodzi ndi sikani. Chotsimikizira ndi kachidutswa kotengedwa kukayezedwa.

Nesi kapena wojambula amene watenga pakati: uzani akuluakulu anu msanga, molemba. Simukuyenera kusiya ntchito. Iwo ayenera kukonza magwiridwe anu kuti mwanayo asapyole 1 mSv pa miyezi yotsalayo, zimene nthawi zambiri zimatanthauza kukuchotsani pafupi ndi C-arm ndi pa ntchito yogwirira odwala.

Wotumizidwa kuchoka ku chipatala cha boma lanu kupita ku Chipata, kapena kuchoka ku Chipata kupita ku UTH kapena Cancer Diseases Hospital ku Lusaka: tengani filimu, CD ndi lipoti lililonse mu envulopu imodzi, mulembe kunja kwake deti, malo ndi mbali ya thupi imene anajambula. Dokotala akatenga cholembera kuti alembe CT, tulutsani envulopuyo muwauze kuti, "Adokotala, mwezi watha anandijambula kale, zithunzi zake ndi izi."